Kusesetsa chumuni ku Britain: ndalama zake n'zingati, ndipo mukulipira chiyani?

Nyumba zambiri zakale za ku Britain, zija zanjerwa zofiira zogundizana m'misewu ya ku Manchester, Leeds kapena Nottingham, zinamangidwa nthawi imene chipinda chilichonse ankachitenthetsa ndi malasha. N'chifukwa chake pamwamba pa madenga mumaona timiphika tadothi tinayi kapena kuposa titandandalika pamodzi, kalikonse kali ndi chipinda chake chimene kamatulutsira utsi. Anthu atasamukira ku gasi, machumuni ambiri anangokhala, ena anatsekedwa. Koma gasi ndi magetsi zitakwera mtengo koopsa mu 2022, ambiri anabwerera ku nkhuni: ena anatsegula malo osonkhapo moto amene anali atatsekedwa kalekale, ena anagula masitovu achitsulo otenthetsera pabalaza. Pakati pawo pali abale athu amene agula nyumba kapena akuchita lendi kumeneko. Ikamakwana September, mnansi kapena kalata ya inshuwalansi imawakumbutsa chinthu chimene kwathu sitinachizolowere, choti chumuni nacho chimadya ndalama chaka ndi chaka.

Tiyambe ndi mtengo, poti ndiwo aliyense amayamba kufunsa. Kusesetsa chumuni chimodzi chopanda vuto kumadya pakati pa £60 ndi £90 m'madera ambiri. Ku London ndi madera oyandikana nawo mtengo umafika £100 kapena kuposa, chifukwa kumeneko ngakhale poimika galimoto pomwe n'podula. Ngati nyumba ili ndi machumuni awiri kapena atatu, osesa ambiri amatsitsako pa chachiwiricho popeza ulendo ndi umodzi. Ntchito yake imatenga mphindi 45 kapena ola limodzi.

Ndalama imeneyi si yoti munthu angalephere nayo kugona. Zokhoma zimayamba wosesayo akamaliza, akadali chogwada, tochi ili m'manja, n'kukuitanani kuti pali kanthu akufuna muone. Kuchokera pamenepo nkhani imatha kuchoka pa £70 n'kufika pa £2,000. Ndiye ndi bwino kudziwa zimene zimachitika m'kati mwa khomalo, kuti muzitha kusiyanitsa munthu amene akukupulumutsani ndi amene akungofuna kukugulitsani katundu.

Wosesa wamasiku ano sakwera padenga kawirikawiri. Amalowa m'nyumba, kuyala nsalu pansi, kutseka pakamwa pa malo a moto ndi nsalu ina yokhala ndi kabowo, kenaka n'kuyatsa makina okoka fumbi kuti mwaye usabalalike pa mipando. Amalowetsa bulashi yozungulira yolingana ndi kukula kwa chumunicho, n'kumalumikiza ndodo zopindika imodziimodzi, iliyonse yotalika pafupifupi mita, uku akukankhira m'mwamba. Mumamva kukwecha kukukwera m'khoma, kudutsa chipinda chapamwamba, mwaye ukugwa kuseri kwa nsalu kuti phwa, phwa. Akafika kumapeto, ambiri amakuuzani kuti mutuluke panja mukaone bulashi itasuzumira pamwamba pa kamphika. Ana amasangalala nazo, koma cholinga chake si masewera: umenewo ndiwo umboni woti njira yatseguka kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pomaliza amayatsa kambulu kofuka utsi wambiri n'kuona kumene utsiwo ukupita. Ukakwera bwino n'kutulukira pa kamphika koyenera, zili bwino. Ukabwerera pabalaza, kapena ukatulukira pa kamphika ka chipinda china, kapena ukadzaza kudenga, ndiye kuti pena pake pali potseka kapena pong'ambika.

Phula lobisika m'khoma

Aliyense amene anakulira kumudzi akuidziwa khitchini yofolera ndi udzu: mwaye wolendewera, mitengo ya denga yakuda bii, yonyezimira ngati anaipaka mafuta. Zomwezo n'zimene zimachitika m'chumuni, kungoti zimachitikira m'njira yopapatiza imene simuiona, pamwamba penipeni pa moto.

Nkhuni zikamayaka zimatulutsa nthunzi ya madzi pamodzi ndi mafuta a mtengo amene sanapse. Utsi ukamakwera umazizira, ndipo ukazizira mafuta aja amamatirira kukhoma. Akatswiri amawatcha creosote, ndipo amawagawa magawo atatu. Poyamba amakhala mwaye wofewa umene bulashi imachotsa mosavuta, ndipo £70 ija imathera pamenepa. Akakhalitsa amasanduka zibenthu zolimba, zonyezimira, zofuna ndodo zozunguzidwa ndi makina. Gawo lachitatu ndi phula lenileni, loterera, louma gwa, limene bulashi imangotsetserekapo. Limeneli amachita kulipaka kapena kulifukizira mankhwala olifewetsa, n'kudzabweranso kachiwiri kapena kachitatu, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama. Nthawi zina paipi yonse ya m'kati mwa chumuni imangofunika kuzulidwa.

Vuto la phulali n'lakuti limayaka. Moto wa m'chumuni umatha kutentha kuposa madigiri 1,000. Anthu amene unawachitikira amasimba za mkokomo waukulu m'khoma, malawi ndi timakala tikutuluka pamwamba, khoma la chipinda chapamwamba likutentha losagwirika. Kutentha kotere kumang'amba njerwa ndi mapaipi adothi, ndipo matabwa a denga akakhala pafupi amagwira moto. Ozimitsa moto ku England amaitanidwa pa moto wamtunduwu ka masauzande chaka chilichonse, makamaka miyezi yozizira. Palinso moto wina umene umayaka pang'onopang'ono n'kuzima wokha eni nyumba osadziwa; wosesa ndiye amadzauzindikira poona phula lofufuma ndi ming'alu.

Apa ndiye pagona nkhani yonse ya mtengo, mwa kuona kwanga. Bilu ya chumuni imalembedwa ndi nkhuni zimene mumasonkha, wosesa amangodzaiwerenga.

Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukausonkha, moto umayamba wataya mphamvu pophwetsa madziwo, utsi umakwera wozizira ndi wonyowa, phula n'kumaunjikana msanga. Nkhuni zabwino zimayenera kukhala ndi chinyezi chosaposa 20 peresenti, ndipo mitengo yolimba monga oak imafuna zaka ziwiri kapena kuposa kuti iume chonchi mu nyengo ya kumeneko, kopanda dzuwa la October ngati la kwathu. Kuyambira May 2021, lamulo la ku England limaletsa kugulitsa nkhuni zaziwisi pang'onopang'ono, ndipo zouma bwino zimakhala ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Malasha wamba a m'nyumba anasiyiratu kugulitsidwa ku England mu May 2023. Kamakina koyezera chinyezi kamagulidwa pa £20 kapena kuchepera: mumawaza chikuni pakati n'kubaya timano take m'kati, osati pakhungwa, chifukwa kunja kumauma msanga m'kati mukadali madzi.

Yesero lalikulu ndi nkhuni zaulere. Mapaleti otayidwa kuseri kwa shopu, mpanda wakale wa mnansi, chitseko chopentedwa, zidutswa za mipando yothyoka. Munthu wozolowera kuti mtengo ndi mtengo amaona ngati mwayi. Koma matabwa opentedwa kapena omizidwa m'mankhwala amatulutsa utsi wapoizoni, ndipo ena akale a mpanda ali ndi poizoni wotchedwa arsenic. Chizolowezi china chodula ndi chotseka mpweya wonse wa sitovu usiku kuti moto ugone mpaka m'mawa. Moto wonyeka chomwecho ndiwo umapanga phula lambiri kuposa wina uliwonse.

Kodi muzisesetsa kangati? Mabungwe a osesa amati woyatsa nkhuni asesetse kosachepera kawiri pachaka, ndipo ngati moto umayaka tsiku ndi tsiku, miyezi itatu iliyonse pa nyengo imene ukugwira ntchito. Wogwiritsa ntchito malasha osafuka utsi, gasi kapena mafuta, kamodzi pachaka. Choncho banja limene limadalira nkhuni liwerengere £120 mpaka £180 pachaka pa kusesa kokha. Chotenthetsera cha gasi chili ndi ndalama ina yapadera, chifukwa wosesa saloledwa kuchimasula ngati alibe chiphaso cha Gas Safe. Pamafunika mmisiri wa gasi adzachichotse ndi kudzachibwezeretsa.

Musanayatse n'komwe, fufuzani kukhonsolo ngati dera lanu lili m'gulu la madera oletsedwa utsi. Lamuloli linabwera chifukwa cha utsi wa malasha umene unakuta London mu December 1952 n'kupha anthu masauzande ambiri, ndipo mu 1956 boma linakhazikitsa Clean Air Act. Lero mizinda ikuluikulu yambiri ili m'gulu limeneli. Ku England, kutulutsa utsi pachumuni m'dera lotere kuli ndi chindapusa cha £175 mpaka £300, ndipo nkhuni zimaloledwa m'masitovu okhawo amene nthambi ya boma ya Defra inavomereza.

Kusesa ndi kuyendera si chinthu chimodzi

Wosesa aliyense wodziwa ntchito amayang'ana zooneka ndi maso, ndipo zimenezi zili kale mu mtengo wa kusesa. Kuyendera kwenikweni ndi kwa kamera. Amaimangirira kunsonga kwa ndodo zija n'kuikweza pang'onopang'ono, inu mukuona pa sikirini njerwa iliyonse. Mtengo wake umakhala pakati pa £100 ndi £200, nthawi zina kuposa ngati mukufuna lipoti lolembedwa. Chumuni chimayenera kuseseredwa kaye, apo ayi kamera imangoona mwaye.

Kamera si ya chaka chilichonse, ndipo amene akukuuzani kuti ndi ya chaka chilichonse mufunseni chifukwa chake. Imafunika pogula nyumba, potsegula chumuni chimene chakhala zaka osagwira ntchito, poika sitovu yatsopano, ndiponso moto ukangoyaka m'chumuni ngakhale utazima wokha. Ogula nyumba ambiri amaganiza kuti katswiri woyendera nyumba amene amulipira uja waona zonse. Iye amayang'ana chumuni ali pansi kapena ali kudenga. M'kati mwake salowamo, ndipo lipoti lake limangolangiza kuti muitane wosesa. Ku America anaziika m'ndondomeko yolembedwa yotchedwa NFPA 211, imene ili ndi magawo atatu a kuyendera: loyamba ndi la maso pa nthawi yosesa, lachiwiri ndi la kamera ndipo limafunika nyumba ikamagulitsidwa, lachitatu ndi logumula mbali ya khoma pamene akukayikira kuti kwabisala vuto lalikulu. Ku Britain kulibe lamulo lokakamiza kamera pogula nyumba, choncho zili kwa wogula.

Zimene kamera imapeza m'nyumba ya zaka 100 ndi zambiri. Pulasitala wa laimu amene anamata m'kati amakhala atayoyoka chifukwa cha asidi wa mu utsi wa malasha. Kakhoma kopyapyala kolekanitsa njira ya utsi wa chipinda chino ndi ya chipinda china, kapena ya nyumba yoyandikana nayo, kamakhala katagumuka, moti utsi wanu umakatulukira kuchipinda chogona cha mnansi. Pena mwini nyumba wakale anagumula chumuni pabalaza kuti chipinda chikule, n'kusiya njerwa zapamwamba zopanda chozigwira. Pena wina anadutsitsamo waya wa magetsi kapena wa TV poganiza kuti moto sudzayakanso.

Ndiye pali mbalame. Ku Britain kuli kambalame kamtundu wa khwangwala, kakang'onopo, kotuwa kunkhongo, kotchedwa jackdaw, kamene kamakonda chumuni kuposa malo ena onse. Kamaponya timitengo m'kamphika, kamodzikamodzi, mpaka kena kapingasa, kenaka n'kumaunjika pamwamba pake: timitengo, ubweya wa nkhosa, matope, mapepala. Chisa chimodzi chimatha kutalika mamita angapo n'kudzaza matumba angapo pochichotsa. Chizindikiro chake ndi timitengo togwera pa malo a moto ndi mbalame ziwiri zokhalakhala pamwamba pa denga mu March kapena April. Kuchichotsa kumadya £100 mpaka £200 kapena kuposa, malinga ndi maola amene wosesa wathera akuchikokera pansi ndi mbedza. Ndipo simungachichotse tsiku limene mwafuna. Lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kuwononga chisa chimene mbalame ikugwiritsa ntchito, choncho kuyambira March mpaka cha mu August wosesa amakana, amati dikirani ana auluke. Zikatero muikitse chipewa chawaya pamwamba pa kamphika, chifukwa mbalamezi zimabwerera malo omwewo chaka chotsatira. Chipewacho pachokha n'chotchipa. Chimene mukulipira, £100 mpaka £250, ndi munthu wokwera padenga.

Pamene ndalama zikuluzikulu zimalowa

Chumuni chikapezeka kuti chikudontha utsi, mankhwala ake odziwika ndi kulowetsamo paipi yachitsulo chosachita dzimbiri, yopindika, kuchokera pamwamba mpaka pa sitovu. Pa nyumba wamba yosanja kamodzi, katundu ndi ntchito pamodzi zimakhala pakati pa £800 ndi £2,000. Chitsulo chake chili mitundu iwiri yodziwika: cha 316, chotchipirapo, choyenera nkhuni zouma, ndi cha 904, chodula, chopirira asidi wa malasha osafuka utsi. Ngati denga ndi lalitali kapena lotsetsereka kwambiri moti makwerero wamba sangathandize, pamafunika kumanga nsanja yazitsulo m'mbali mwa nyumba, ndipo imeneyo yokha imawonjezera mapaundi mazana angapo, pena kuposa £1,000. N'chifukwa chake nsanjayo ikangoima, ndi nzeru kukonzeratu zonse zapamwamba ulendo umodzi: simenti ya pakati pa njerwa, mtovu wotchinga madzi pamene chumuni chakumana ndi denga, kamphika kong'ambika ndi chipewa cha mbalame. M'nyumba zogundizana, chumuni chapamwamba nthawi zambiri ndi cha mabanja awiri, ndipo ntchito yaikulu pa khoma logawana imagwera pansi pa lamulo la ku England ndi Wales la 1996 lotchedwa Party Wall etc. Act. Kambiranani ndi mnansi msanga. Mwina mugawana mtengo wa nsanja.

Kuika paipi kapena sitovu ndi ntchito imene malamulo a zomangamanga a ku England ndi Wales amafuna kuti khonsolo idziwe. Mmisiri wolembetsedwa ku bungwe lovomerezeka monga HETAS amadzitsimikizira yekha ntchito yake n'kukupatsani satifiketi. Mukagwiritsa ntchito mmisiri wamba, muyenera kulipira khonsolo kuti idzayendere. Pepala limeneli musalitaye, loya wa wogula adzalifunsa tsiku limene mudzagulitse nyumbayo.

Kodi chumuni chilichonse chakale chimafuna paipi? Ayi. Chimene chapambana mayeso a utsi chikhoza kugwira ntchito momwe chilili, makamaka pa moto wa poyera. Pa sitovu paipi imathandizadi, chifukwa sitovu imatulutsa utsi wozizirirapo umene umavutika kukwera m'chumuni chachikulu chanjerwa, koma kuthandiza ndi kukakamizidwa ndi zinthu ziwiri. Osesa ambiri amaikanso mapaipi, ndiye munthu yemweyo ndi amene akupeza matenda komanso kugulitsa mankhwala. Sindikunena kuti ndi akuba. Ambiri ndi anthu achilungamo amene amadalira mbiri yabwino m'dera lawo. Koma wina akakuuzani kuti musayatsenso moto mpaka mutalipira £1,800, chitani ziwiri. Musayatsedi, chifukwa mwina akunena zoona. Kenaka mupempheni vidiyo ya kamerayo ndi lipoti lolembedwa, n'kuitana wina amene alibe nazo gawo kuti adzaonenso. Kulipira £80 kachiwiri n'kopepuka kusiyana ndi kugula paipi imene simunkaifuna.

Mbali ina ya ndalama ija ndi pepala. Wosesa akamaliza amakupatsani satifiketi yosonyeza tsiku, chimene wasesa, zimene wapeza ndi zotsatira za mayeso a utsi. Makampani ambiri a inshuwalansi amalemba m'pangano kuti chumuni chizisamalidwa, ndipo moto ukabuka chinthu choyamba chimene angafunse ndi satifiketiyi. Pa nyumba zofolera ndi udzu, zimene ku England ndi za anthu opeza bwino m'midzi ya ku Devon ndi Dorset, malamulo a inshuwalansi ndi okhwima kwambiri, ndipo ena amachita kutchula kuti musesetse kangati komanso kwa munthu wa bungwe liti. Werengani pangano lanu musanaitane munthu.

Chodabwitsa n'chakuti ku Britain palibe lamulo lofuna laisensi kuti munthu akhale wosesa machumuni. Aliyense akhoza kugula ndodo ndi bulashi lero, mawa n'kulengeza pa Facebook kuti amasesa pa £30. Chimene chilipo ndi mabungwe amene munthu amalowa mwa kufuna kwake: National Association of Chimney Sweeps, lomwe linayamba mu 1982, Guild of Master Chimney Sweeps, APICS, komanso kaundula wa osesa wa HETAS. Mamembala ake amaphunzitsidwa, amayesedwa, ndipo amayenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira ngati awononga kanthu m'nyumba mwanu. Kusiyana kwa £30 ndi £70 kwagona pamenepo, pa maphunziro, inshuwalansi, makina abwino ndi pepala limene kampani ya inshuwalansi ingalilandire. Ku Germany anasankha njira ina. Kumeneko kusesetsa ndi lamulo, dera lililonse lili ndi wosesa wovomerezeka ndi boma amene amayendera ziwiya zonse zamoto kawiri pa zaka zisanu ndi ziwiri zilizonse, ndipo mtengo wa kuyendera kumeneko umaikidwa ndi lamulo. Kufikira 2013, mwini nyumba sankaloledwa n'komwe kusankha womusesera.

Ntchito imeneyi inakhalapo yotchipa kwambiri ku Britain, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, bulashi anali mwana. Tianyamata ta zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, tambiri tamasiye kapena togulidwa kwa makolo osauka, tinkakwera m'kati mwa njira zopapatiza ndi mawondo ndi zigongono, tikupala mwaye ndi manja. Ena ankakanirira m'kati n'kufa chifukwa chobanika. Mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti amuna amene anagwira ntchitoyi ali ana ankadwala khansa ya kumaliseche chifukwa cha mwaye wokhalitsa pakhungu, ndipo aka kanali koyamba kuti khansa ilumikizidwe ndi ntchito imene munthu amagwira. Makina osesera analipo kale: George Smart anapanga ake mu 1803, ndipo Joseph Glass anawakonza bwino mu 1828 kukhala ndodo zolumikiza ndi bulashi, pafupifupi zomwe zikugwira ntchito lero. Koma mwana anali wotchipa kuposa makina, ndipo malamulo a 1788, 1834 ndi 1840 ankangonyalanyazidwa. Mu 1875 mnyamata wa zaka 11, George Brewster, anafa atabanika m'chumuni cha chipatala cha ku Fulbourn pafupi ndi Cambridge. Chaka chomwecho Lord Shaftesbury, wa ku nyumba ya malamulo, anadutsitsa lamulo lofuna kuti osesa azilembetsa kupolisi, ndipo mchitidwewu unathera pamenepo. Mwaye womwewo ndi umene umachititsa wosesa wa lero kuvala chotchinga mphuno ndi kugula makina odula okoka fumbi, ndipo mtengo wa zimenezo uli mu bilu yanu.

Kwa ochita lendi, funso limakhala loti alipire ndani. Khoma, denga ndi chumuni ngati chomangidwa ndi udindo wa mwini nyumba. Kusesetsa kwa chaka ndi chaka kumatengera zimene zalembedwa m'pangano la lendi. Mapangano ambiri amati mwini nyumba apereke chumuni chosesa polowa, wolowayo azisesetsa pa nthawi imene akukhalamo ndi kusunga masatifiketi. Ena amaletseratu kuyatsa moto. Ngati pabalaza pali malo a moto okongola koma mwini nyumba sanatchulepo kanthu, musayatse musanafunse. Ambiri mwa malo oterewa anatsekedwa pamwamba zaka zambiri zapitazo, anangotsala okongoletsa.

Pamenepa m'pamene pali ngozi imene ife timaidziwa bwino kuposa eni dziko. Mu June ndi July timamva za anthu amene analowa ndi mbaula ya makala m'chipinda, kutseka chitseko ndi mawindo chifukwa cha kuzizira, m'mawa osadzuka. Zimachitika ku Malawi, zimachitikanso m'makomboni a ku Johannesburg. Chowapha ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Chumuni chotsekeka ndi chisa kapena njerwa yogwa chimabweza mpweya womwewo m'nyumba, ndipo nyumba za ku Britain, zamawindo agalasi ziwiri ndi zitseko zomata bwino, siziutulutsa. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene munthu amaziyesa chimfine. Chokayikitsa n'chakuti onse m'nyumba amadwalira limodzi, ndipo akatuluka panja amapezako bwino. Alamu yochenjeza za mpweyawu imagulidwa pa £20 kapena kuposerapo pang'ono. Kuyambira October 2022, eni nyumba za lendi ku England amakakamizidwa kuika alamuyi m'chipinda chilichonse chokhala ndi chiwiya choyaka moto chokhazikika, kupatula sitovu yophikira ya gasi. Ngati nyumba ndi yanu, gulani nokha, ndipo yang'anani tsiku lake lotha ntchito, chifukwa alamuzi zimakalamba pakatha zaka zisanu ndi ziwiri kapena khumi.

Za nthawi yoitanira wosesa: kuyambira September mpaka December aliyense amakumbukira chumuni nthawi imodzi, ndipo mutha kudikira milungu ingapo. Woitana pakati pa April ndi August amapeza tsiku limene akufuna, pena n'kutsitsiridwa mtengo, ndipo ngati papezeka vuto pamakhala nthawi yolikonza kusanazizire. Kusesetsa nyengo yamoto ikangotha kulinso ndi ubwino wina, woti mwaye sugona m'chumuni miyezi yonse yotentha ukukoka chinyezi ndi kudya chitsulo. Pa foni funsani ngati mtengo umene watchulidwa ukuphatikiza satifiketi, mayeso a utsi ndi msonkho wa VAT, komanso kuti akapeza chisa adzawerengera bwanji. Musayatse moto kwa maola 24 asanafike, ndipo chotsani phulusa ndi katundu wapafupi.

Nanga amene safuna n'komwe kuyatsa moto? Nayenso sapulumukiratu. Chumuni chosagwira ntchito chimafuna kusesedwa kamodzi komaliza, kenaka n'kuvekedwa chipewa chotchinga mvula ndi mbalame koma cholola mpweya kudutsa, ndipo pansi pamene panali moto pamasiyidwa kabowo ka mpweya. Anthu ena amatseka kumwamba ndi pansi ndi simenti kuti kuzizira kusalowe. Chinyezi chimatsekeredwa m'kati, chimasakanikirana ndi mwaye wakale, ndipo pakapita zaka zingapo pa khoma la chipinda chapamwamba pamatuluka mawanga achikasu amene penti wamba saabisa. Kukonza zimenezo kumafuna kugumula pulasitala, kutsegulanso pamwamba, ndipo nthawi zambiri nsanja yazitsulo ija imabweranso.